Alimi a Pansi pa Chulu

Adzukulu anga, bowa uja mumagula m'sitolo atakulungidwa m'pulasitiki sindimunyoza ayi, ndi ndiwo ndithu, ndipo amene amamulima m'matumba a mapesi a chimanga akugwira ntchito yabwino. Koma munthu amene sanalawepo utale wozulidwa mbandakucha pa chulu, dothi lofiira likadali kumuzu, asamanene kuti bowa amamudziwa. Ife tinakulira m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama, masiku amenewo mombo ndi misuku zidakali zothithikana, makala asanasanduke malonda a aliyense, ndipo nyengo tinkaziwerenga ndi zimene tchire linkatipatsa. Masuku akayamba kugwa tinkadziwa kuti mvula yayandikira, ngumbi zikauluka tinkadziwa kuti yafika, ndipo bowa akatuluka tinkadziwa kuti ngakhale nkhokwe zipepuke bwanji, nsima sitidya yosuwa.

Chizimalupsa chinkangobwera kudzagonetsa fumbi ndi kununkhiritsa dothi, basi. Mvula ya bowa inali ija ya mu Disembala, yogwa usiku ndi mabingu ogwedeza nsanamira. Agogo anga akazi, amene anabereka mayi anga, usiku wotere ankagona khutu lili panja, ndipo tambala wachiwiri asanalire ndinkamva dzanja lawo lozizira likundigwedeza phazi pansi pa bulangete. "Dzuka, mkazi mnzanga, chulu chabereka." Iwo ankati bingu ndilo limadzutsa bowa, ndipo panalibe wowatsutsa. Tinkatuluka mudzi uli zii, iwo dengu pamutu ndi kamtengo kosongola m'manja, ine kalichero kakale kothothoka m'mphepete, mame akutinyowetsa mpaka m'chiuno, tikuyenda mofulumira chifukwa amayi ena a m'mudzi nawonso mabingu aja anali atawamva. Chulu chilichonse agogo ankachidziwa ndi khalidwe lake: ichi chimabereka msanga, icho chimadikira Khirisimasi ipite, chija chakumtsinje chinaleka kubereka chaka chimene anyamata anachiotcha posaka mbewa.

Bowa ankamugawa mwanjira yawo. Ndelema woyera uja woterera ndi manyame wofiirira ankati ndi bowa wa mitengo, ndipo ankamufuna pansi pa mombo ndi misuku, osati pena paliponse. Wosadyedwa yense, kaya akongole bwanji, dzina lake linali limodzi, chirombo, ndipo ukamukhudza ankakutuma kukasamba m'manja. Koma panali fuko lina limene ankalitchula motsitsa mawu, bowa wa chiswe: utale wamkulu, amene mmodzi yekha ankatha kudzaza kalichero kanga, nyozwe wa kansonga pamutu ndi mwendo wautali, ndi manda, timabowa ting'onoting'ono totuluka tambirimbiri usiku umodzi mpaka pansi kuyera mbee, toti kutola kwake kunkafuna kugwada mpaka maondo kuchita dzanzi. Ine manda ndinkadana naye chifukwa cha ntchito yochotsa mchenga, koma msuzi wake ndinkanyambita mbale.

Utale agogo sankauthyola. Ankagwada, n'kuyamba kukumba pambali ndi kamtengo kaja, pang'onopang'ono, akutsata muzu wake umene unkalowa pansi mozama, nthawi zina kupitirira chigongono, ukunka nuwonda. Ndikatopa n'kunena kuti tingodula, ankandiyang'ana n'kuti, "Muzu uwu ukupita kunyumba kwa eni ake. Ife tikungopempha." Ndinkayesa akunena mizimu.

Eni akewo ndinawaona chaka chimene amalume anaganiza zogumula chulu chimene chinali kuseri kwa khola, poti chiswe chinali chitatha mitengo ya denga ndipo dothi lake ankalifuna kuti aumbire njerwa. Anakumba masiku angapo, agang'a akuwaluma miyendo mpaka magazi, ife ana titaunjikana kudikira kuona manthu, mayi wa chiswe chonse, amene anamutulutsa m'kachipinda kake kadothi louma gwa ali wonenepa, woyera, wosatha n'kuyenda komwe. Koma chimene chinakhala m'mutu mwanga si manthu. M'zipinda zozungulira munali zisa zofiirira, zofewa, za mabowomabowo, zofunda ukazigwira, zonyowa pang'ono ngakhale kunja kunali chilimwe, ndipo pamwamba pake panali timibulu toyera tosaposa mutu wa singano. Agogo anatola chimodzi, anachinunkhiza, n'kundipatsa. Chinkanunkhira bowa. "Munda wawo ndi uwu," anatero, n'kuchibwezera pansi bwinobwino, ngakhale chulu chinali chitatha kale. Patapita masiku ochepa zisa zotayidwa zija zinamera tinthu tina tatitali totuwa, kenaka takuda, tosadyedwa, ndipo agogo anati munda wopanda mwini ndi mmene umathera.

Ndinadzaphunzitsa sukulu zaka zambiri, ndipo nditapuma ntchito ndinapeza nthawi yowerenga zimene asayansi alemba za bowa ameneyu, zina m'mabuku, zina mdzukulu wanga wina wophunzira zaulimi akundiwerengera pa foni yake. Mawu a agogo aja, akuti munda, ndi amenenso akatswiri amagwiritsa ntchito. Chiswe cha mtundu umenewu, chimene chilipo mitundu pafupifupi 330 muno mu Africa ndi ku Asia, chimalimadi. Antchito ake amatuluka kukasenza udzu wouma, masamba ndi timitengo, zakudyazo zimadutsa m'mimba mwa chiswe mofulumira zisanagayike, ndipo ndi zotuluka m'mimbazo chimamanga zisa zija. Pa zisapo pamamera timaulusi ta bowa, timene timalowerera m'kati n'kumafewetsa udzuwo. Timibulu toyera tija ndi chakudya cha chiswe chaching'ono, ndipo chisa chikakalamba, chitapsa bwino, chachikulu chimachidya kuyambira pansi uku pamwamba akuwonjezera chatsopano. M'kati mwa chulu chachikulu kutentha kumakhala pafupi ndi madigiri 30 usana ndi usiku, ndipo chinyezi sichichoka. Tinthu takuda tija ndinationa ndi bowa wina wakuba, amene amamutcha Pseudoxylaria, amene amakhala chete chiswe chikadalipo koma amalanda munda wonse chikangochoka. Utale umene ife tinkazula ndi chipatso chabe cha munda wa pansiwo: mvula ikagwa, muzu uja umanyamuka pa chisa, n'kuboola dothi louma ndi kansonga kake kolimba mpaka kutulukira kunja.

Ndiye mufunsa kuti chiswe chimavutikiranji kulima, pomwe udzu ndi mitengo zili ponseponse? Apa ndi pamene pali nkhani ya ma enzaimu, ndipo kuti muimve bwino kumbukirani mmene amayi anu amaphikira thobwa. Phala la chimanga limakhala lolimba, losakoma, koma akangothiramo chimera cha mawere n'kuvundikira, m'mawa mumapeza lasungunuka ndipo likutsekemera, chikhalirecho palibe wathiramo shuga. M'chimera muja muli kanthu kosaoneka kamene kamaduladula ufa n'kuusandutsa shuga. Kanthu kotere ndiko enzaimu, ndipo iliyonse ili ndi chake chimene imadula. Udzu wouma ndi mtengo nazonso ndi shuga wolukanalukana, amene asayansi amamutcha cellulose, koma wokutidwa ndi chinthu china cholimba kwambiri chotchedwa lignin, chimene chimapatsa mtengo mphamvu yoima ndipo zamoyo zambiri zimachilephera. Bowa wa chiswe amatulutsa ma enzaimu osiyanasiyana a ntchito imeneyi: laccase ndi anzake amene amagwedeza lignin, xylanase amene amamasula ulusi womangirira, ndi cellulase amene amadula cellulose mpaka kutsala shuga woti kachiswe kamwe. Chiswe chimapereka nyumba, chakudya ndi chitetezo, bowa amapereka chimera.

Mu 1978 asayansi awiri a ku America, Michael Martin ndi Joan Martin, anafufuza m'mimba mwa chiswe chachikulu cha ku South Africa chotchedwa Macrotermes natalensis, ndipo analemba kuti ena mwa ma enzaimu amene chimagayira chakudya si ake, chimawatenga podya timibulu toyera tija. Anzawo ena anawatsutsa, poti asayansi nawonso amakangana ngati ife pabwalo, ndipo mkanganowo unatenga zaka. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi Michael Poulsen wa ku yunivesite ya Copenhagen linawerenga majini a chiswe chomwecho, a bowa wake ndi a mabakiteriya a m'matumbo mwake, n'kupeza kuti ntchitoyi ndi ya atatu: bowa amaphwanya zikuluzikulu, mabakiteriya amamaliza zotsala, ndipo chiswe chimasenza ndi kusakaniza. Chimene chinandiseketsa n'chakuti m'mimba mwa manthu ndi mwamuna wake mulibe mabakiteriya ambiri ogaya udzu aja. Iwo amadya zophikaphika, zowabweretsera ana awo. Ukalamba wotere ndani angaukane?

Ulimi umenewu si wa dzana. Duur Aanen ndi anzake, atayerekeza majini a chiswe ndi bowa a m'maiko ambiri, anapeza kuti unayamba kamodzi kokha, m'nkhalango zamvula za muno mu Africa, ndipo akatswiri amati papita zaka pafupifupi 30 miliyoni. Mu 2016 kunalengezedwa kuti ku chigwa cha Rukwa ku Tanzania, kumpoto kwathu kuno, kwapezeka minda ya chiswe yosanduka miyala ya zaka 25 miliyoni. Munthu wogwira khasu ndi mlendo wa dzulodzuloli. Dzina lakuti Termitomyces, limene limaphatikiza utale, nyozwe, manda ndi abale awo onse, analipereka ndi Mfalansa wina, Roger Heim, mu 1942. Ndipo wamkulu wa onse, amene chipewa chake chimatha kufika mita imodzi m'mimba mwake, uja anzathu a Chibemba ku Zambia amati ichikolowa, anadzalowa m'mabuku a sayansi mu 1980, pamene David Pegler ndi Graham Piearce anamutcha Termitomyces titanicus. Tangoganizani, bowa woti banja lonse limadya n'kutsala, amayi akumugulitsa m'mbali mwa msewu chaka ndi chaka, ophunzira n'kudzamulemba ine ndili kale ndi ana akusukulu! Kwathu kuno Brian Morris, amene anatulutsa buku la Common Mushrooms of Malawi mu 1987, anachita chinthu chanzeru: anakhala pansi ndi amayi a kumudzi n'kumawafunsa, ndipo anaona kuti ife bowa timamuika pafupi ndi nyama koposa ndi masamba.

Nyama analidi. Agogo utale woyamba wa chaka sankauika m'mphika. Ankang'amba mwendo wake m'litali, kuwaza kamchere, n'kuuwamba pa makala a mtengo wa msuku, fungo n'kudzaza khitchini yonse mpaka agalu kumazungulira pakhomo, ndipo kachidutswa koyamba ankapatsa agogo aamuna, kachiwiri ine. Wotsalayo ankamunyenya ndi zala, poti mpeni ankati umathawitsa kukoma, n'kumuphika m'kamphika kadothi kandiwo ndi madzi ochepa ndi mchere basi, mpaka msuzi kuchita lende. Tomato ankamuikamo monyinyirika. Nsinjiro ankasungira bowa wofutsa. Chaka cha bowa wambiri ankamuwiritsa pang'ono, kumuyanika pa mphasa kapena pa denga la nkhokwe dzuwa likang'amba pakati pa mvula, n'kumukulunga m'masamba a msuku kukhala chikwatu, chimene ankachimangirira ku denga la khitchini pamene utsi umadutsa. M'mwezi wa Julayi, mphepo ya chiperoni ikuwomba, ankamasula chikwatu chimodzi, kutendera, ndipo tinkadya dzinja pakati pa chisanu. Mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi ija chimanga chatha m'nkhokwe koma cha m'munda sichinakhwime, mabanja ambiri a m'mudzi mwathu ankadalira zulu, ndipo ana sitinkatupa miyendo.

Lero anthu a m'malabotale akufuna chimera cha bowa chija pa ntchito zawo. Ku Kolkata, m'dziko la India, kumene nakonso bowa wa chiswe amamera ndipo amadyedwa, akatswiri a Indian Institute of Chemical Biology, mmodzi mwa iwo mayi Suman Khowala, anakhala zaka zambiri akulera timaulusi ta Termitomyces clypeatus m'mabotolo a madzi a chakudya, popanda chiswe, n'kumatunga ma enzaimu amene timatulutsa. Anapezamo xylanase, anapezamo ena omaliza kudula cellulose, ndipo anapezanso enzaimu ina imene imaumitsa mkaka kuti ukhale tchizi, ntchito imene kuyambira kale imagwiridwa ndi madzi a m'chifu cha thole loyamwa. Ma enzaimu a mtundu umenewu m'mafakitale ali ndi msika kale: xylanase amathandiza kuyeretsa mapepala popanda kuthira mankhwala oopsa ambiri, amasakanizidwa m'chakudya cha nkhuku ndi nkhumba kuti gaga agayike bwino, ndiponso amafewetsa buledi. Koma loto lalikulu ndi la mafuta a galimoto. Ku Dwangwa akhala akupanga ethanol kuyambira 1982, wochokera ku madzi akuda otsala popanga shuga, ndipo amasakanizidwa ndi petulo. Ameneyo ndi shuga wosavuta. Shuga wovuta ndi amene watsekeredwa m'mapesi, m'zitsononkho, m'madeya a mpunga ndi m'zotafuna za nzimbe, zimene ife timangotentha m'munda utsi n'kupita. Amene adzapeze njira yotchipa yomasulira shuga ameneyo adzakhala atachita zimene chulu chimachita tsiku lililonse popanda moto, popanda magetsi, ndipo n'chifukwa chake ophunzira akugwada pa zulu ndi timabotolo tawo.

Palinso mankhwala ena m'thupi la bowa mwenimwenimo. Ku Yunnan, m'dziko la China, bowa wa chiswe amamutcha jizong, amamukazinga m'mafuta n'kumusunga m'mabotolo, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Mu 2000 asayansi atatu a ku yunivesite ya Nagoya ku Japan, Jianhua Qi, Makoto Ojika ndi Youji Sakagami, anatulutsa m'bowa ameneyo timafuta tina timene anatitcha termitomycesphin, ndipo atatithira pa maselo a khoswe olereredwa m'mbale anaona maselowo akumera timinyanga ngati ta mitsempha ya ubongo. Mu 2010 gulu la Hirokazu Kawagishi la ku Shizuoka linapeza tina mu titanicus wamkulu uja, n'kutitcha termitomycamide, ndipo tina mwa ito tinateteza maselo kuti asafe atapanikizidwa ndi mankhwala owononga. Amene amafufuza matenda a kuiwala kwa okalamba amachita nazo chidwi zinthu zotere. Koma tamverani, adzukulu anga, pano ndikuuzeni ngati mphunzitsi: zimenezi zinachitika m'mbale ya m'labotale. Pakati pa mbale imeneyo ndi pilitsi la kuchipatala pali ulendo wautali umene mankhwala ambiri amathera panjira. Wina akadzabwera pa msika ndi ufa m'kabotolo n'kumati ndi utale wochiza sitiroko kapena shuga, sungani ndalama zanu, mukagule utale weniweni mudye ndi nsima.

Chimene chimandisangalatsa mumtima, ndipo ndivomere kuti ndi kachimwemwe kankhanza pang'ono, n'chakuti ndi nzeru zonsezi palibe amene wakwanitsa kulima utale wogulitsa monga amalimira bowa wa m'matumba uja. Timaulusi timamera m'botolo, ma enzaimu amatuluka, koma chipewa chachikulu chija, chokhala ndi muzu wake ndi fungo lake, chimafunabe chiswe chamoyo pansi. N'chifukwa chake mukamayenda pa msewu wa ku Liwonde kapena wa ku Mzimba m'dzinja, bowa wa chiswe amene ana akukuimikirani m'mbale ndi wozula kutchire yense, ndipo kumene zulu zagumulidwa chifukwa cha njerwa, kapena zathiridwa mankhwala, kapena mitengo yatha n'kusowa masamba oti chiswe chisenze, bowayo amasowa ndipo mtengo wake umakwera. Chiswe n'chowononga, inde, ndani sanalirepo denga lake kapena chimanga chogwetsedwa m'munda? Paja akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Koma alimi akale ankadziwanso kuti dothi la pa chulu ndi lachonde, ankalimwaza m'munda wa mchenga, ndipo maungu a pa chulu ankakula oti mwana sangawanyamule.

Panali lamulo limodzi la agogo limene linkandipweteka mtima ndili mwana. Pa chulu pakakhala utale wotambasuka kwambiri, wokalamba, m'mphepete mwake mutayamba kung'ambika, ankausiya, ngakhale dengu likhale losadzaza, ndipo ndikautambasulira dzanja ankandimenya kachikhatho. Tsopano mverani zimene akatswiri anapeza. Ngumbi zija timatchera ndi muuni usiku wa mvula ndi mafumu ndi amanthu a mawa. Ziwiri zikapulumuka mbale zathu, mbalame ndi achule, zimathothola mapiko, zimalowa pansi n'kuyamba mudzi watsopano, koma m'mitundu yambiri ya chiswe zimapita chimanjamanja, zopanda mbewu ya bowa. Ana awo oyamba akatuluka kukafuna chakudya ndi amene amatola mbewuyo, fumbi losaoneka ndi maso limene limagwa kuchokera ku timizere ta pansi pa chipewa cha bowa wokhwima n'kumwazika ndi mphepo. Akalitola, munda umayamba. Akalephera, kamudziko kamafa kasanakhale chulu. Choncho utale wokalamba uja unali nkhokwe ya mbewu ya zulu zonse za m'dera lathu.

Mdzukulu wanga atandiwerengera zimenezi anadumpha, akuti agogo anu aja anali asayansi. Ine ndinaseka mpaka kutsokomola, chifukwa ndikuwadziwa mayi amene uja. Akanamva akanangotafuna fodya wawo, n'kulavula pambali, n'kunena kuti iwo ankausiya chifukwa unali ndi mphutsi.